Tsiku lokonzekera ku Regensburg: mmene kampani yobwereketsa njinga inatithandizira tisanayambe ulendo wa ku Passau

M'mwezi wa Juni, ine ndi mayi akunyumba tinalipira kampani ina yaing'ono ya mumzinda wa Regensburg, m'chigawo cha Bavaria ku Germany, kuti itikonzere ulendo wa panjinga yakapalasa wotsata mtsinje wa Danube mpaka kukafika ku Passau, mtunda wa makilomita pafupifupi 150. Ndalama zomwe tinapereka zinali za njinga ziwiri ndi zikwama zake, malo ogona, galimoto yonyamula masutikesi athu kuchoka pa hotelo ina kukasiya pa ina, kabuku kosonyeza njira, komanso munthu wotiyendetsa mumzinda wakalewo pa tsiku loyamba. Ndikulemba izi chifukwa chinthu chimene ndinkachiona ngati kungotaya ndalama, lomwe ndi tsiku lathunthu lokhala mu Regensburg tisananyamuke, ndicho chinapulumutsa ulendo wonse, ndipo ndi pa tsiku limeneli pamene ndinaonera luso la kampaniyi komanso pamene imaperewera.

Maganizo anga poyamba anali akuti tifike Lachisanu madzulo, tigone, kenaka Loweruka m'mamawa titenge njinga n'kuuyamba. Mayi wina wa muofesi yawo anandiyankha pa imelo kuti iwo salimbikitsa zimenezo, ndipo anapempha kuti tifike Lachinayi kuti Lachisanu lonse likhale lokonzekera. Ndinaganiza kuti akungofuna kutigulitsa usiku wina wa ku hotelo. Koma chifukwa chomwe anapereka chinali chomveka: ku Germany masitolo amatseka Lamlungu, okonza njinga ambiri amaweruka msanga Loweruka, choncho vuto limene njinga ingaonetse pa tsiku loyamba la ulendo likhoza kumusiya munthu ali manja m'khosi m'mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje mpaka Lolemba. Ndinavomera monyinyirika, ndipo pano sindingamulangize wina aliyense kuchita mosiyana.

Lachisanu pa 9 koloko m'mawa tinali pa shopu yawo. Makaniko wake anali bambo wachikulire, wosalankhula zambiri, wovala epuloni yothimbirira ndi girisi. Sanatipatse njinga n'kutiuza kuti tiyende bwino ayi. Anandikweza pa njinga ataigwira yekha pa mahandulo, nandiuza kuti ndiike chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, ndipo anakweza chishalo pang'onopang'ono mpaka mwendo wanga utawongoka, pofotokoza kuti ndikadzaponda ndi kutsogolo kwa phazi bondo lidzakhala lopindika pang'ono monga mmene liyenera kukhalira. Atapeza mlingo woyenera, anamata kachidutswa ka tepi yofiira pa chitsulo cha chishalo kuti chikadzatsika panjira ndidzadziwe pochibwezera. Anachita chimodzimodzi ndi njinga ya mayi. Kenaka anatifunsa funso limene sindinaliyembekezere, lakuti kodi pa njinga zomwe tinazolowera buleki ya kutsogolo imakhala kudzanja liti. Pa njinga zawo buleki ya kudzanja lamanja imagwira tayala la kumbuyo, pamene m'maiko omwe magalimoto amayenda kumanzere nthawi zambiri dzanja lamanja limagwira tayala la kutsogolo, ndipo munthu akadzidzimuka pa mtsetse dzanja limachita zomwe linazolowera mutu usanaganize. Anatizunguliritsa pabwalo la kuseri kwa shopu kangapo, tikuima ndi kuyambanso, mpaka atakhutira.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi chakuti anakana kungotipatsa kathumba ka zipangizo popanda kuona ngati tingathe kukagwiritsa ntchito. Anatulutsa chubu chatsopano, zigamba, guluu, timapulasitiki totsegulira tayala ndi pampu, n'kunena kuti, "Bambo, chotsani tayala la kumbuyoli ndione." Ndinavutika ndi tcheni kwa kanthawi, iye akungoyang'ana, kenaka anandisonyeza kuti ndiyambe ndaika tcheni pa giya yaing'ono kwambiri kuti tayala lituluke mosavuta. Anatisonyezanso kuti mavavu a machubu ali mitundu itatu ndipo pampu yathu ili ndi kamutu kotembenuza kuti igwirizane ndi vavu ya njinga zathu. Magetsi a kutsogolo ndi kumbuyo, belu ndi mabuleki awiri, zomwe malamulo a pamsewu a ku Germany amafuna pa njinga, anaziyesa pamaso pathu. Zonsezi zinatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa, ndipo panalibe pamene anaonetsa kuti tikumuchedwetsa.

Atamaliza anatiuza kuti njingazo tizisiye pomwepo, mzinda wakale tikauone wapansi. Ananena zoona. Misewu yambiri ya mkatikati mwa Regensburg ndi yoyalidwa miyala, ina ndi yopanikiza moti anthu awiri sangadutsane bwino atanyamula katundu, ndipo munthu wopalasa amayang'ana pansi ndi pa anthu m'malo moyang'ana nyumba zomwe anabwerera.

Wotiyendetsa tinakumana naye pafupi ndi nyumba yakale yosungiramo mchere yotchedwa Salzstadel, yomwe inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 ndipo lero ndi malo ofotokozera alendo mbiri ya mzindawu. Anali mayi wodziwa zinthu zake, wolankhula Chingerezi chomveka. Anayamba ndi kutikweza pa mlatho wamiyala, Steinerne Brücke, womwe unamangidwa pakati pa 1135 ndi 1146 ndipo ndi wautali mamita opitirira 300. Kuima pakati pa mlathowo n'kuyang'ana kumbuyo ndiko kuuona mzinda wonse nthawi imodzi: nsanja ziwiri za tchalitchi chachikulu, madenga ofiira othithikana, ndi madzi akuthamanga mwaukali pakati pa mizati chifukwa mizatiyo ndi yokhuthala ndipo imaupanikiza mtsinje. Mayiyo anafotokoza kuti chuma cha Regensburg chinachokera pomwepa. Mzindawu uli pamene Danube amafika kumpoto kwenikweni asanakhotere kummwera chakummawa, ndipo kwa zaka mazana ambiri wamalonda wofuna kuwoloka ndi ngolo m'dera lino ankadalira mlatho umenewu. Ankhondo a nkhondo yachiwiri ya mtanda, omwe anali Akhristu a ku Ulaya opita kukamenyera Dziko Loyera, anawolokera pomwepa mu 1147, mlathowo utangotha kumene. Lero magalimoto saloledwa kudutsapo, ndi wa oyenda pansi ndi apanjinga okha.

Pamwamba pa mlathowo pali kachiboliboli ka munthu wophimba maso ndi dzanja akuyang'ana ku tchalitchi, komwe eni mzinda amakatchula kuti Bruckmandl. Nthano yake imati womanga mlatho anapikisana ndi womanga tchalitchi kuti aone amene amalize msanga, ndipo womanga mlatho anapangana ndi Satana kuti amuthandize pomulonjeza miyoyo itatu yoyamba kuwoloka, koma pa tsiku lotsegulira anatsogoza nkhuku ziwiri ndi galu. Ndinamulemekeza mayiyo chifukwa atatha kusimba nthanoyi ananeneratu kuti siingakhale yoona, popeza tchalitchi chomwe chilipo lero chinayamba kumangidwa patatha zaka zoposa 100 mlathowo utatha. Oyendetsa alendo ena amasiya nthano zotere zili choncho kuti anthu asangalale, koma iye anasiyanitsa nthano ndi mbiri.

Kuchoka apo tinalowa m'kamsewu komwe miyala ikuluikulu yakuda imatulukira m'khoma la nyumba yopakidwa laimu. Imeneyi ndi Porta Praetoria, chipata cha kumpoto cha linga la asilikali achiroma lotchedwa Castra Regina, lomwe linamalizidwa m'chaka cha 179 mu ulamuliro wa mfumu Marcus Aurelius. Chipatacho chinabisika mkati mwa nyumba zina kwa nthawi yaitali mpaka chinapezekanso mu 1885. Ndinaika dzanja pa mwala umodzi, wotalika kuposa mkono wanga, ndipo ndinaona kuti miyalayo inangosanjikizidwa mogwirana bwino popanda dothi lomangira pakati pake. Munthu wopalasa njinga akhoza kudutsa pamenepa osazindikira kuti wadutsa chinthu chomwe chaima zaka zoposa 1,800.

Mbali imene inandisangalatsa kuposa zonse inali ya nsanja za mabanja olemera. Regensburg atakhala mzinda wodzilamulira pansi pa mfumu yaikulu ya Ufumu Woyera wa Roma, womwe Germany inali mbali yake nthawi imeneyo, mu 1245, amalonda ake, omwe ankachita malonda mpaka ku Venice, anatengera chizolowezi cha ku Italy chomanga nsanja zazitali pa nyumba zawo. Sizinali zodzitetezera kwenikweni, zinali zoonetsera kuti banja ili lili ndi chuma kuposa loyandikana nalo, ndipo zipinda zambiri zam'mwamba sizinkakhalamo anthu. Yaitali kwambiri mwa zomwe zatsala ndi Goldener Turm, ya mamita pafupifupi 50. Mayiyo anatiuzanso chifukwa chake mzindawu unasungika chonchi, ndipo yankho lake linali losayembekezereka: njira zamalonda zitasamukira kwina chuma chinachepa, ndipo anthu analibe ndalama zogwetsera nyumba zakale kuti amange zamakono. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mabomba anagwa pa fakitale ya ndege ya Messerschmitt kunja kwa mzinda mu 1943, koma pakati pa mzinda panawonongeka pang'ono poyerekeza ndi mizinda ina ya ku Germany. N'chifukwa chake mu 2006 bungwe la UNESCO linaika mzinda wakalewu, pamodzi ndi dera la Stadtamhof lomwe lili tsidya lina la mlatho, pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse.

Apa tsopano ndinene zomwe sizinandikomere. Gulu lathu linali la anthu oposa makumi awiri, chifukwa kampaniyo inatiphatikiza ndi alendo ena wamba m'malo motipatsa wotiyendetsa wa apanjinga okha monga mmene kalata yawo inkamvekera. M'timisewu topanikiza, oima kumbuyo sankamva kanthu. Nthawi inali yothina moti nyumba ya khonsolo yakale, momwe nthumwi za ufumu wonse zinkakumana kosalekeza kuyambira 1663 mpaka 1806, tinangoiona kunja, ndipo nyumba yomwe katswiri wa zakuthambo Johannes Kepler anamwaliriramo mu 1630 anangotilozera ndi chala tikuyenda. Chomwe chinandiwawa kwambiri ndi mmene tinadutsira pa bwalo la Neupfarrplatz. Pamenepa panali mudzi wa Ayuda, umodzi mwa midzi yawo yakale kwambiri ku Germany, ndipo mu 1519 akuluakulu a mzinda anawathamangitsa onse n'kugwetsa sunagoge ndi nyumba zawo. Lero pali chikumbutso choyera chomwe anakonza Dani Karavan, mmisiri wosema wa ku Israel, motsatira maziko a sunagogeyo. Tinaimapo mphindi ziwiri zokha. Mzinda umene ukunyadira kuti unasunga nyumba zake uyenera kufotokozanso bwino nyumba zomwe unagwetsa dala, ndipo ndikuona kuti kampani imene ikugulitsa ulendowu iyenera kupereka nthawi yokwanira pa malo amenewa. Tinabwererako tokha madzulo, popeza m'mwezi wa Juni dzuwa limalowa 9 koloko itadutsa, ndipo tinakhala pamenepo nthawi yaitali tikuona ana akusewerapo, monga mmene wokonza chikumbutsocho anafunira kuti pakhale malo a anthu amoyo.

Chinanso chosowa n'chakuti kuyenda kumeneku sikunalumikizane ndi ulendo wathu wa panjinga. Tinaima pa mlatho pomwe njira ya apanjinga imaonekera bwinobwino kutsidya, koma palibe anatisonyeza kuti mawa tidzatulukira pati. Chikanakhala chinthu chophweka kwambiri kuchita.

Nkhomaliro tinadyera pa Historische Wurstkuchl, kanyumba kakang'ono ka m'mbali mwa mtsinje pafupi ndi mlatho, komwe amawotcha masoseji ang'onoang'ono pa makala n'kupereka ndi kabichi wowawasa ndi masitadi wotsekemera. Pa khoma lake pali zizindikiro zosonyeza pomwe madzi osefukira anafika m'zaka zosiyanasiyana, zina zili pamwamba kuposa mutu wa munthu. Chakudyacho sichinali m'gulu la zomwe tinalipira ku kampani, koma makaniko uja ndi amene anatiuza kuti tikafike isanakwane 12 koloko mzere usanatalike, ndipo malangizowo anatithandiza.

Masana tinabwerera ku shopu kukatenga njinga kuti tikaziyese, ndipo apa ndi pamene tsikuli linaonetsa phindu lake. Makanikoyo anaumirira kuti tilongedze m'zikwama zonse zomwe tidzanyamule pa ulendo weniweni, madzi, majekete a mvula, zipangizo ndi loko, chifukwa njinga yopanda katundu imabisa matenda ake. Anatituma ku Walhalla, pafupi ndi tauni ya Donaustauf, makilomita pafupifupi 10 kutsika ndi mtsinje. Iyi ndi nyumba ya miyala yoyera yomangidwa mofanizira kachisi wa Parthenon wa ku Athens, yomwe mfumu Ludwig I ya Bavaria inamangitsa pakati pa 1830 ndi 1842 kuti muikidwe ziboliboli za anthu otchuka olankhula Chijeremani. Kuchokera kumunsi kuli masitepe 358, ndipo ukafika pamwamba umaona chigwa chonse chomwe udzapalasemo mawa lake, mtsinje ukupindika kulowera ku Straubing. Makilomita 20 opita ndi kubwerera ndi okwanira kuti thupi ndi njinga ziyambe kunena zoona. Tisanafike n'komwe, mayi anandiimitsa n'kunena kuti, "Abambo, chishalo ichi sindingathe nacho masiku atatu." Chinali chopapatiza ndipo chinkawapweteka. Njinga yanga nayo inkalumpha giya ndikaponda mwamphamvu pa chitunda, ndipo madigadi a kumbuyo ankakhula tayala chikwama chikalemera mbali imodzi.

Tinafika pa shopu itatsala pang'ono kutsekedwa. Bamboyo anamvetsera osatsutsa, anatulutsa zishalo zitatu kuti mayi ayese chimodzichimodzi pabwalo paja, anakoka waya wa magiya anga pozunguliza kanati kakang'ono kwinaku akupalasa pedulo ndi dzanja ndi kutchera khutu ku tcheni, ndipo anawongola madigadi ndi kulimbitsa kaliyala. Sanatilipiritse kanthu. Ndikaganiza kuti zinthu zitatu zimenezi zikanatipeza Loweruka masana tili pakati pa minda, kutali ndi wokonza aliyense, ndimamvetsa chifukwa chake mayi wa muofesi uja anakana pempho langa loyamba.

Loweruka tisananyamuke tinalowa m'tchalitchi chachikulu cha Petulo Woyera, chomwe dzulo lake tinangochiyang'ana pakhomo. Chinayamba kumangidwa cha m'ma 1270 chakale chitapsa ndi moto, ndipo nsonga za nsanja zake, zotalika mamita 105, zinamalizidwa mu 1869, patapita zaka pafupifupi 600. M'mawa muja munali anthu ochepa, ndipo kuwala kunkalowa kudzera m'magalasi amitundumitundu a zaka za m'ma 1200 ndi 1300 n'kugwera pansi ngati nsalu yoyalidwa. Pa mzati wina pali chiboliboli cha mngelo Gabirieli akumwetulira poyera, mano akuoneka, pamene akupereka uthenga kwa Mariya yemwe waima pa mzati wa moyang'anizana naye. Sindinaonepo chiboliboli cha m'tchalitchi cha nkhope yachimwemwe chotere, ndipo ndikanadandaula kwambiri ndikanachoka mu Regensburg osachiona.

Za ulendo weniweniwo sindinena zambiri, chifukwa unayenda monga mmene unayenera kuyendera. Njira ya Danube m'chigawo chino ndi yosalala, mbali yaikulu imadutsa pamwamba kapena m'mbali mwa zipupa zotchinga madzi, ndipo ili ndi zikwangwani zokwanira. Tinagona ku Straubing ndi ku Deggendorf, n'kudutsa ku Vilshofen tsiku lachitatu. Njinga sizinavute ngakhale kamodzi, ndipo chubu chatsopano chija tinachibweza chili m'pepala lake. Zolakwika zinalipo zitatu. Kabuku ka njira kanali kakale, moti pamalo ena pomwe ankakonza chipupa chotchinga madzi tinapeza njira yotsekedwa, ndipo tinataya pafupifupi ola limodzi tisanazindikire kuti tiyenera kukhulupirira zikwangwani zapanjira osati kabukuko. Tsiku lachiwiri masutikesi anafika mochedwa, tinadya chakudya chamadzulo tili ndi zovala zathukuta, ngakhale kuti titaimba foni anayankha msanga ndi kupepesa. Chachitatu, zipewa zodzitetezera kumutu sizinali m'mtengo womwe tinalipira, ndipo izi sanazilembe poonekera. N'zoona kuti malamulo a ku Germany sakakamiza munthu wamkulu kuvala chipewachi, koma kampani yosamala ngati iyi inayenera kunena poyambirira kuti munthu abweretse chake kapena akonzekere kuwonjezera ma euro ena.

Amene ndingawalimbikitse kugwiritsa ntchito kampani yotere ndi anthu omwe sanayendepo ulendo wa masiku angapo panjinga, komanso omwe safuna kuvutika ndi kunyamula njinga zawo pandege. Wozolowera kudzikonzera yekha njinga ndi kunyamula katundu wake angaone kuti mtengo wake ndi wokwera pa zomwe akupeza. Kwa amene angasankhe kutero, ndinganene kuti afunsiretu kukula kwa gulu loyenda mumzinda, ndipo ngati ndi lalikulu, alipire padera kuti akalowe m'nyumba ya khonsolo yakale, komwe amaonetsa chipinda cha misonkhano ya ufumu ndi zipinda zapansi zomwe ankafunsiramo akaidi. Apemphenso njira ya pa foni yomwe yakonzedwa chaka chomwecho m'malo modalira kabuku kokha.

Ku Passau, komwe mitsinje ya Inn ndi Ilz imathira mu Danube, tinasiya njinga pa hotelo monga tinapanganirana, tepi yofiira ija ikadali pamalo pomwe bambo uja anaimata. Tikadzabwerera kudzapitiriza ulendo wa ku Vienna, womwe ndi wa makilomita oposa 300 kuchokera ku Passau, tidzabwereka njinga kwa anthu omwewa ndipo tidzayambiranso ku Regensburg, koma tidzapempha kuti tikhalemo mpaka Lamlungu, kuti tidzamve kwaya ya Domspatzen, yomwe mbiri yake imayambira m'chaka cha 975, ikuimba pa Misa m'tchalitchi chija, komanso kuti tidzaone nyumba ya amonke yakale ya St. Emmeram yomwe ulendo uno sitinaipondeko.